Dikirani Ndimasule

Ndinachoka kwathu mango ali maluwa, chaka chake sindichikumbukanso. Amayi anali atamwalira, munda unali utapita kwa alongo anga ndi amuna awo, ndipo palibe amene anandithamangitsa. Ndinangodzuka tsiku lina n'kutsata msewu wafumbi mpaka pamene unakakumana ndi wa phula.

Pamphambanopo panali kashedi ka malata, ndipo m'kati mwake munkang'anima moto wobiriwira ngati mphezi yotsekeredwa m'nyumba. Ndinaima n'kumangoyang'ana.

"Iwe, chotsa maso pamenepo," anatero mawu ochokera m'shedimo. "Ugona ndi mchenga m'maso."

Amene anatuluka anali bambo aafupi, a ndevu za imvi, ovololo yawo yodzaza timabowo ta moto. Anthu ankawatchula kuti a Likongwe. Anandipatsa chitsulo kuti ndiwagwirire, ndipo dzuwa linapendeka ndikanagwirabe. Umu ndi mmene ndinayambira ntchito yowotcherera.

Tinkapanga mafelemu a zitseko, mbaula, mipando ya m'mashopu ometera. Koma Pasaka ikamayandikira ankabwera anthu a m'mipingo kudzafuna malupanga a asilikali a Chiroma a m'masewero awo. A Likongwe ankawasula kuchokera ku masipuling'i a malole akufa, n'kuwasiya obuntha dala, kuti asilikaliwo asavulazane pofuna kuonetsa changu pamaso pa amayi a kwaya.

Panali lupanga limodzi limene sankagulitsa. Linali lalitali, lolemera, ndipo kumapeto kwa chigwiriro chake kunali chitsulo chobulungira ngati dzaye. Iwonso ankachitchula choncho, dzaye. M'kati mwake anali atawotchereramo nati, moti ukalipotoza linkamasuka n'kugwera m'dzanja.

Tsiku lina magetsi atazima, titakhala pamthunzi, anandiuza chifukwa chake. Ali anyamata ankasesa m'nyumba ya wansembe wina wachizungu, ndipo pashelefu panali buku la zithunzi zakale kwambiri. Munali amuna a ku Ulaya ovala zitsulo kuyambira kumutu mpaka kuzala za kumapazi, moti lupanga linalibe polowera. Pa tsamba lina, mmodzi mwa amunawo anali ataima pamaso pa mdani wake akumasula dzaye la lupanga lake. Pafupi pomwepo dzaye lija linali m'malere, likupita kunkhope ya mnzakeyo. Mawu a pansi pa chithunzicho sankatha kuwawerenga, ndipo wansembeyo atamufunsa anangoti imeneyo inali njira ina yomenyera nkhondo kalelo.

"Nanga mnzakeyo ankangodikira kuti amalize kumasula?" ndinafunsa.

"Funso limenelo ndakalamba nalo, mwanawe," anatero. "N'chifukwa chake ndinapanga langali, kuti mwina manja andiuze."

Kenako kunabwera anthu ndi penti wofiira n'kulemba mtanda pakhoma la shedi, ati msewu ukukulitsidwa. A Likongwe anagulitsa makina owotcherera, n'kulonga m'thumba zimene sanathe kusiya: malupanga awiri, magalasi akuda a ntchito, kapayipi ka rabala, ndi mapoto awiri akale. Tinayamba kuyenda m'misika.

Sewero lathu linali limodzi. Tinkavala mapoto kumutu, zidutswa za mgolo pachifuwa, n'kumamenyana malupanga mpaka anthu atatizungulira. Ndiye pakati pa ndewuyo mmodzi ankakweza dzanja n'kunena kuti, "Dikirani ndimasule." Winayo ankaima mwaulemu, akuyang'ana kumwamba, akukanda mwendo, pamene mnzake ankapotoza dzaye pang'onopang'ono. Likamasuka ankaliponya, n'kumveka ngo! papoto, ndipo woponyedwayo ankagwa miyendo m'mwamba. Anthu ankaseka mpaka kugwirana mapewa. Poyamba ankamasula ndi a Likongwe. Zala zawo zitayamba kuuma, anandipatsa ine lupangalo.

"Usayang'ane dzanja," ankatero. "Yang'ana munthuyo. Dzanja likudziwa kumene likupita."

Tinadutsa misika yambiri, ndipo yonse inali ngati umodzi. Paliponse panali mtengo wa kachere, butchala yokhala ndi mwendo wa mbuzi wolendewera, amayi a tomato atandanda pamabenchi, ndi galu wofiira wogona pakati pa njira. Nthawi zina ndinkaganiza kuti sitikuyenda n'komwe, msika ndi umene ukutizungulira.

M'nyengo ina ya mvula kunabuka mphekesera yakuti kwabwera anthu opopa magazi. Ankati amayenda ndi timapayipi, amavala zobisa nkhope, ndipo ndi alendo. Tinkaimva m'maminibasi, koma a Likongwe ankangoseka, ati magazi a amphawi ngati ife angakathandize ndani. Tinafika pamsika wina dzuwa lili paliwombo, mvula itangokata. Iwo anakhala pansi pa kachere ndi thumba, ine ndinapita kuseri kwa butchala kukapala dzimbiri palupanga ndi mchenga.

Ndinamva phokoso ngati la njuchi. Nditabwerera ndinapeza anthu atatseka bwalo, ndipo sanali kudikira sewero. Mnyamata wina anali atakhuthula thumba lathu m'matope. Anakweza magalasi akuda m'dzanja lina, kapayipi m'dzanja linalo.

"Si izi! Si izi zopopera zake!"

Pakati pa miyendo ya anthu ndinaona ovololo ya a Likongwe ili pansi. Ndinayesa kulowa, koma misana inali itagundana ngati njerwa. Ndinakuwa kuti ndife a zisudzo, mawu anga sanafike patali. Lupanga linali m'manja mwanga, lobuntha ngati kumbuyo kwa khasu. Sindinaganize kanthu. Dzanja langa lamanja linapita lokha padzaye n'kuyamba kupotoza, ndipo pakamwa panga panatuluka mawu okhawo amene anthu ankamvera tikawanena.

"Dikirani! Dikirani ndimasule!"

Mvula inali italowa m'mazinga a nati ija, dzaye linali litagwira dzimbiri. Ndinapotoza, ndinapanira lupanga pakati pa maondo, ndinapotozanso ndi manja onse, maso ali pamisana ija. Silinasunthe. Kenako china chake chinandimenya kunkhongo.

Ndinatsitsimuka ndili pamwamba pa matumba a anyezi, m'lole yothamanga. Lupanga panalibe, khungu la m'manja mwanga linali litasupuka. Lole itaima, dalaivala anandipatsa madzi.

"Ndakutola m'ngalande," anatero. "Usandifunse zambiri."

"Nanga madala aja? A ndevu zoyera?"

"Ndinaona misana yokhayokha, mphwanga."

Anandisiya kutali, ndipo dzina la msika uja limene ananditchulira, aliyense amene ndinamufunsa ankaloza kwina. Ndinabwerera wapansi. Ndinalowa msika ndi msika, ndipo paliponse ndinapeza kachere, mwendo wa mbuzi, amayi a tomato, galu wofiira. Ndikafunsa za bambo wina wowotcherera amene anagwidwa m'nyengo ya mvula, anthu ankasiya kulankhula n'kuyang'ana mapazi anga. Mayi wina anandinong'oneza kuti ndisiye kufunsa ngati ndikufuna kufika kumene ndikupita. Ndinasiya.

M'tauni ina yaing'ono, pafupi ndi siteji ya akabaza, a Kandulu ankakonza njinga pansi pa mtengo wa bulugamu. Anali onenepa, osachedwa kuseka, ndipo anandiphunzitsa kumata chubu, kumva ndi tsaya pamene mpweya ukutuluka, ndi kuwongola wilo pomanga masipoko uku ukumvetsera kulira kwake. Ndinakhala nawo mpaka chimanga chinauma m'minda. Ndinayamba kugona tulo.

Tsiku lina ndili pansi ndi sipanala, wakabaza wina anayang'ana foni yake, n'kuyang'ana ine, n'kuyang'ananso foni. Anaitana mnzake. Mnzakeyo anachitanso chimodzimodzi.

"Akulu," anatero woyambayo, akulephera kupuma ndi phwete, "tanenani kuti dikirani ndimasule."

Anandionetsa. Kanali kakanema kakafupi, kothera pomwe kayambira. Munali munthu wovala malaya anga, atapanira lupanga pakati pa maondo, maso ali tong'o, mano ali gwa, akulimbana ndi kachitsulo. Anthu ena munalibe, chigongono cha wina chokha chinkaoneka m'mphepete. Phokoso la njuchi lija anali atalichotsa n'kuikamo nyimbo yovina, ndipo mawu anga okha ndi amene anawasiya. Pamwamba panalembedwa kuti: mwamuna akafunsidwa kuti anagona kuti. Wina anandionetsa kena, komweko, koma kolembedwa za wophunzira mayeso atafika. Kenanso kanali ka goloboyi mpira uli kale mu ukonde.

"Kanemayu akupitirira?" ndinafunsa. "Alipo wautali wake?"

"Wautali wa chiyani, akulu? Pokoma pake ndi pomwepa."

Poyamba a Kandulu anakondwa, chifukwa anthu anachuluka pansi pa bulugamu. Koma anali anthu opanda njinga. Ankaima mondizungulira, mafoni ali m'mwamba, kudikira kuti ndigwire nati. Ndikangoika sipanala, onse ankakuwa mawu aja pamodzi. Anthu akandizungulira chotero mpweya unkandithera, ndipo ndinkangokhala duu, sipanala ili m'manja. Tsiku lina a Kandulu ananditengera pambali, osaseka.

"Mwana wanga, pano pasanduka bwalo la zisudzo, eni njinga akupita kwina. Ndilibe nawe mlandu. Koma ana anga amadya masipoko omwewa."

Ndinayenda kulowera kumene mawaya a magetsi sanafike. Ndinawoloka mtsinje wina n'kufika m'mudzi wa dothi lofiira, kumene foni inkagwira pamalo amodzi okha, pamwamba pa chulu cha kuseri kwa sukulu. Kumeneko ndinapeza Enelesi akuponda dongo. Mwamuna wake anali atamwalira kalekale, ndipo iye ankaumba mbaula za dothi zosatha nkhuni. Anandiyang'ana manja n'kunena kuti dongo likufuna munthu wa mphamvu. Anandiphunzitsa kusankha timiyala ndi zala, kudziwa dongo lopsa polifinya pafupi ndi khutu, ndi kusafulumira kutsegula uvuni. Mbaula yanga yoyamba inang'aluka pakati. Anaseka, ndipo kuseka kwake sikunandiwawe.

Mvula inabwera n'kupita. Ndinasamuka m'kakhitchini kumene ndinkagona n'kulowa m'nyumba yaikulu. Enelesi anaima. Tinayamba kukambirana zokaonekera kwa atsibweni ake.

Kanema uja anatsika pachulu m'foni ya mphunzitsi wina. Pofika masana mudzi wonse unali utamuona. Enelesi anabwera naye kunyumba, foni yobwereka ili m'manja, n'kukhala pakhonde. Anatsitsa nyimbo ija mpaka zii, n'kumaonera mobwerezabwereza.

"Anthuwa akuseka chiyani?" anatero. "Munthuyu akuona chinthu choopsa. Munkayang'ana ndani, bambo?"

Ndinamuuza zonse. Aka kanali koyamba kutchula dzina la a Likongwe chichokereni pamatumba a anyezi aja. Anangoika dzanja lake la dongo pabondo langa, n'kusiyapo chidindo chofiira.

Kwa kanthawi mudzi unaseka. Ana ankasewera ndi mapesi a chimanga, atasomeka ndimu kumapeto. Atsibweni ake a Enelesi ankati akandiona, asanandipatse moni, ankayamba kupotoza mutu wa ndodo yawo. Ndinkati zidzatha. Kenako munthu wina wogula mbaula, wochokera kutali, ananena pachigayo kuti kanema ameneyo anajambulidwa tsiku limene anagwira opopa magazi, ndipo wa lupangayo anali mmodzi wa iwo. Kuseka kunaleka. M'sabata yomweyo khanda la pabanja lina linadwala, achipatala n'kunena kuti lachepa magazi.

Mbaula zathu zinayamba kubwerera kumsika zonse. Amayi ankatenga ana awo m'manja ndikamadutsa. M'mawa wina tinapeza uvuni ataugumula. Enelesi anatola zidutswazo, kenako analowa m'nyumba n'kumanga mbatata zophika m'kansalu. Anandiperekeza mpaka pamtsinje, dzuwa likuswa mtengo, mudzi wonse ukutiyang'ana m'makonde.

"Ndikhale," ndinatero. "Ndiwafotokozera."

"Munawafotokozera a kumsika aja?" anatero. Anagwira mimba yake. "Mukakhala, atitenthera limodzi m'nyumba. Pitani, bambo, mwanayu abadwe. Zikazizira ndidzatumiza mawu."

Sindinamufunse kuti adzawatumiza kuti. Ndinawoloka, madzi akufika m'maondo, ndipo nditacheuka anali akadali pomwepo, wamng'ono, chitenje chake chikuwomba. Patapita nthawi ndinayesa kubwerera. Ndinapeza mtsinje, ndinapeza mudzi wa dothi lofiira ndi chulu kuseri kwa sukulu, koma anthu ake anali ena, ndipo dzina la Enelesi sankalidziwa.

Mumzinda waukulu ndinapeza ntchito yolondera pageti la nyumba yogona ophunzira a kukoleji. Ntchito imeneyo inandiphunzitsa kukhala pampando tsiku lathunthu osaoneka. Ndinasunga ndevu, chipewa ndinkachikokera pamaso. Komabe tsiku lina mtsikana wina, dzina lake Tinenenji, anaima pageti nthawi yaitali, akuyang'ana foni, n'kuyang'ana ine. Iyeyu sanaseke kwambiri.

"Bambo, mukudziwa kuti munafika mpaka kunja?"

Anandiuza kuti nthabwala ya dzaye sinayambe ndi ine. Anthu a m'mayiko akutali ankaseka nayo kale pa intaneti, chipezereni chithunzi china chakale cha msilikali akumasula lupanga lake. Ankajambula kachitsuloko kakugwetsa ndege, kakuphwanya mapiri, kakuthetsa mkangano uliwonse. Kanema wanga atafika kwa iwo anakondwa kwambiri, ati pomaliza papezeka munthu woyesa zenizeni.

Kenako Tinenenji anasuntha chala pafoniyo n'kundionetsa chithunzicho. Amuna awiri ovala zitsulo, mitundu yofwifwa, udzu wojambula mosasamala pansi pa mapazi awo. Mmodzi anali atagwira chigwiriro ndi manja onse. Ndinachidziwa ngati nkhope ya mbale wanga, ngakhale ndinali ndisanachionepo. Ndinavula chipewa.

"Mayi, tafunsani mmenemo," ndinatero. "Mnzakeyo ankadikira?"

Anawerenga kwa kanthawi. "Akuti palibe akudziwa bwinobwino. Ena akuti zinali zongolemba m'buku. Ena akuti munthu ankalimasuliratu asanalowe m'bwalo, kuti lingotsala pang'ono."

Ndinathokoza. Anapita kukalasi, ine ndinatsala ndi yankho limene ndinalibe wokamupatsa.

Nkhani inamveka kuti wa lupanga ali pageti lakutilakuti. Kunabwera bambo wina wa suti yonyezimira, a Dokiso, amene ankayendetsa maphwando a ukwati. Anati ndi tchimo munthu wotchuka ngati ine kumatsegulira anthu geti. Mwini nyumba anali atayamba kale kudandaula za anthu odzajambula, choncho ndinapita nawo. Anandimeta ndevu, anandisokera malaya ofanana ndi a m'kanema, n'kundipatsa lupanga la pulasitiki. Dzaye lake linali lomata, losamasuka.

"Silifunika kumasuka," anatero a Dokiso. "Anthu amafuna kuona mukuvutika."

Loweruka lililonse ndinkalowa m'holo nyimbo ija ikulira. Ndinkaima patsogolo pa mkwati ndi mkwatibwi, kupanira lupanga pakati pa maondo, n'kunena mawu aja. Anthu ankaimirira, ankandizungulira akuvina, ndipo ine ndinkaona misana. Ankati palibe wochita bwino ngati ine chifukwa ndinkatuluka thukuta lenileni. Loweruka lina ndinatsegula pakamwa koma mawu sanatuluke. A Dokiso anawanena okha pa maikolofoni, anthu n'kuseka chimodzimodzi. Loweruka lotsatira ndinapeza pakhomo la holo pali mnyamata wina atavala malaya anga. Anali wonenepa masaya, wodziwa kutuzula maso.

"Musakhumudwe, achimwene," anatero a Dokiso. "Uyuyu akufanana kwambiri ndi wa m'kanema uja kuposa inu."

Zaka zinadutsa mmene zimadutsira munthu akakhala pamsewu. Ndinawumba njerwa, ndinasenza matumba, ndinaweta ng'ombe za munthu amene sindinamuonepo. Imvi zinamera. Anthu anasiya kuyang'ana foni n'kuyang'ana ine. Koma mawu aja anatsala. Kondakitala ankawanena chitseko cha minibasi chikakana kutseguka. Mayi wina pamzere wa kuchipatala anawanena akulimbana ndi mfundo ya chitenje, anzake n'kuseka. M'busa wina anawaika mu ulaliki, ati tsiku lomaliza sipadzakhala zoti dikirani ndimasule. Ambiri sankadziwanso kuti kunali kanema. Ankayesa ndi mwambi wa makolo. Tsiku lina m'basi ndinauza munthu amene ndinakhala naye kuti amene anayamba kunena mawuwo ndi ine, iye n'kundiyankha kuti ayi, ameneyo anamwalira kalekale, anali msuweni wa mnzake.

Pomaliza ndinalowa m'gulu la anthu okonza mijigo. Tinkayenda pa kalole, kutulutsa mapaipi pansi pa nthaka, kusintha zotha, n'kupita kwina. Ntchito yanga inali yomasula ndodo zachitsulo, imodzi ndi imodzi, zikamatuluka m'dzenje. Tsiku lina m'chilimwe tinaima pamjigo wa kuseri kwa msika wina. Ndodo ina inali itagwira dzimbiri, ndipo ndinaipanira pakati pa maondo. Bambo wina wogulitsa nzimbe, amene anakhala pamthunzi chapafupi, anasiya kusenda nzimbe yake. Sankandiyang'ana nkhope. Ankayang'ana maondo ndi manja.

Anadikira mpaka anzanga atapita kukadya. Anabwera n'kunjuta patsogolo panga, chipewa chili m'manja.

"Achimwene, ndinu," anatero. "Ine ndine Lufeyo. Amene anajambula ndine."

Ndinayang'ana uku ndi uku. Kachere panalibe, anali atadulidwa, pamalo pake pali shopu ya simenti. Butchala inali itasanduka yogulitsira mafoni. Ndikanadutsa pamenepo kangati osadziwa.

"Sindinajambule kuti anthu aseke," anatero. "Ndinaima apo. Kuleretsa ndinaopa, kuthawa ndinalephera. Foni inali m'manja, basi ndinangoikweza. Ndinkati mwina apolisi adzafuna kuona nkhope. Ndinatumiza kwa mlamu wanga yekha. Unali wautali, madala aja analimo. Amene anadula sindimudziwa. Nditauonanso unali ndi nyimbo."

"Mukadali nawo?"

"Foni ija inafa kalekale."

Madzi otsala m'paipi ankadontha pasimenti.

"Anafera pomwepo?" ndinafunsa.

"Ayi. Mvula inabwereranso yamphamvu, anthu n'kubalalika. Amayi a tomato anawakokera pansi pa mabenchi, kenako mmodzi wa iwo, a Nasiwelo, anawatengera kunyumba kwawo pa wilibala. Tiyeni, akadalipo."

A Nasiwelo anali okalamba, diso limodzi litachita ng'ala. Tinawapeza akuyanika nsomba za matemba zogula pa thumba. Lufeyo atawauza kuti ndine ndani, anandigwira mkono kuyambira paphewa mpaka padzanja ngati akufuna kutsimikiza kuti ndine wathunthu.

"Anakhala masiku angapo," anatero. "Galimoto yopita kuchipatala eni ake ankakana, ati sanganyamule wopopa magazi. Tinkawamwetsa phala ndi supuni. Sankalankhula zomveka. Koma tsiku lina anatsegula maso n'kufunsa kuti, mnyamata wanga uja ali kuti. Ife sitinkadziwa, mwana wanga. Tinangoti anathawa, ali bwino. Iwo anati, wachita bwino. Basi, sanalankhulenso."

A Nasiwelo anatenga makasu awiri n'kupatsa Lufeyo limodzi. Tinadutsa m'minda youma mpaka kumanda, n'kupitirira mitumbira ya simenti ya eni mudzi, kukafika kumphepete kumene amaika alendo. Kumeneko kunali udzu wofika m'chiuno. A Nasiwelo anaugawa ndi khasu n'kuloza kamtumbira kotsala pang'ono kufafanizika.

"Ndi apa."

"Ayi, mayi," anatero Lufeyo. "Apo ndi pa munthu uja anagundidwa ndi basi. Madala aja ndi apa, pafupi ndi chitsa."

Anatsutsana motsitsa mawu, aliyense akukumbukira mtengo umene panalibenso. Ine ndinaima pakati pa mitumbira iwiriyo. Inali yofanana kutalika.

"Tinawaika opanda dzina," anatero a Nasiwelo, atatopa ndi kutsutsana. "Abusa anangoti mlendo wathu. Anali ndani?"

"A Likongwe."

"A Likongwe," anabwereza pang'onopang'ono, kuti lisawathawe. "Nanga kwawo kunali kuti? Abale awo ayenera kumva."

Ndinkadziwa mmene ankagwirira chitsulo chamoto, mmene ankatsokomolera m'mawa, nyimbo imene ankaimba mluzu posula. Mudzi wawo, mfumu yawo, ngati anali ndi ana, sindinkadziwa.

"Sindikudziwa, mayi."

Anagwedeza mutu, osadabwa. Anandipatsa khasu lawo, iwo n'kugwada kuyamba kuzula udzu ndi manja. Lufeyo anayamba mtumbira wa kuchitsa, ine ndinayamba winawo. Kumsika kuja kalole kathu kanayamba kuliza hutala, kanaliza, kanalizanso. Sindinadzutse mutu. Tinalambula manda onse awiri, ndipo titamaliza tinakwezera dothi pa onse awiri mofanana.